Jonathan Edwards ndi Zotsimikiza Mtima Zache 70

Mulungu watisunga kufikira taona chaka china. Masiku ano a kuyamba kwa chaka Akristu ambiri atsimikiza mumtima mwao kuti adzakonza mayendedwe ao. Wina ati adzaleka mowa, wina ati adzayamba mapemphero a m'banja madzulo onse, wina ati adzabweza ngongole, kapena kuyanjana ndi mbale wache amene sanalankhulane naye chiyambire masika. Zonsezi nzokoma. Koma tidziwa tonse kuti zambiri za izo sizifika nyengo ya chimanga chachiwisi. Chifukwa chache tifuna kukusimbirani mwezi uno mbiri ya munthu wina wa ku America, dzina lache Jonathan Edwards, amene pokhala mnyamata wa zaka 19 analemba zotsimikiza mtima 70, nakhalanso ndi moyo zaka zina pafupifupi 35 zimene zinaziyesa. M'moyo wache tidzaona kumene zotsimikiza zitenga mphamvu, tsiku limene ziyesedwa, ndi pamene ziperewera.

Ubwana wache

Jonathan Edwards anabadwa pa 5 October 1703 ku East Windsor, m'dziko la Connecticut, limene masiku aja linali pansi pa ufumu wa England. Atate wache, Timothy Edwards, anali mbusa wa mudziwo, naweta mpingo umodzi womwewo zaka zoposa 60. Amache, Esther, anali mwana wa Solomon Stoddard, mbusa womveka wa ku Northampton. M'nyumbamo munabadwa ana 11, ndipo Jonathan anali mwamuna yekha pakati pa alongo ache 10. Atate wache ndiye anamphunzitsa pakhomo, namyambitsa Chilatini akali wamng'ono.

Pa ubwana wache kunagwa chitsitsimutso mu mpingo wa atate wache, ndipo mtima wa mnyamatayo unagwidwa. Anapemphera kasanu pa tsiku ali yekha. Iye ndi anzache anamanga kamsasa m'dambo, pamalo pobisika, kuti azipempheramo. Yense wakumuona akadati mwanayu watembenuka mtima. Koma itapita miyezi changu chonse chinazilala, naleka kupemphera m'tseri, nabwerera ku makhalidwe ache akale. Unali moto wa mapesi, umene uyaka ndi malawi akulu koma susiya makala.

M'chaka cha 1716, asanakwanire zaka 13, analowa sukulu yaikulu imene pambuyo pache inatchedwa Yale, natsiriza m'chaka cha 1720 ali woyamba mwa anzache. M'chaka chache chotsiriza anagwidwa ndi nthenda yoopsa ya m'chifuwa, nayandikira kumanda, nachita mantha akulu chifukwa cha moyo wache. Atachira sanachedwe kugwanso m'zoipa zakale, pakuti madzi saiwala khwawa. Pamenepo anayamba kulimbana ndi mtima wache, nadzimanga ndi zowinda zambiri pamaso pa Mulungu, kufikira analeka machimo ooneka ndi maso. Koma mumtima munalibe chimwemwe. Anatumikira Mulungu monga wanchito woopa mkwapulo, ndipo chiphunzitso chakuti Mulungu alamulira zonse monga afuna chinamuwawa.

Kusandulika kunadza m'chaka cha 1721, pamene anali kuphunzira za ubusa ku New Haven. Tsiku lina anawerenga 1 Timoteo 1:17, ndime yolemekeza Mulungu, imene anaiwerengapo kale kawiri kawiri. Tsiku limenelo ulemerero wa Mulungu unamlowa mumtima ndi kukoma kumene sanakudziwe ndi kale lonse, nayamba kuiyimba ndimeyo kwa iye yekha. Kuyambira pomwepo zinthu zonse zinaoneka zatsopano m'maso mwache. Kale bingu linamuopsa koposa zonse. Tsopano poona mitambo ya mvula anafuna malo oti ayang'ane mphezi ndi kumvera mabingu, nakondwera ndi ukulu wa Mulungu. Tisamale bwino dongosolo la zinthu izi, abale, pakuti zotsimikiza 70 zija zinalembedwa pambuyo pa tsiku limeneli. Zinali zipatso za mtima umene unayamba kukonda Mulungu, ndipo Edwards sanaziyese mtengo wogulira chipulumutso.

Zotsimikiza 70

M'mwezi wa August 1722 Edwards anapita ku New York kukalalikira mpingo waung'ono wa Presbyterian, nakhalako kufikira April 1723. Anakonda kuyenda yekha m'mbali mwa mtsinje wa Hudson, kulingalira za Mulungu ndi kupemphera. M'miyezi imeneyo anayamba kulemba zotsimikiza zache, chimodzi chimodzi, monga anaona kusowa kwache. Pofika pakati pa December 1722 zinaposa 30, ndipo chotsiriza, cha 70, anachilemba pa 17 August 1723. Sanazilembere anthu ai, zinali za iye yekha. Zinadziwika atafa, pamene wophunzira wache Samuel Hopkins anasindikiza zambiri za izo m'chaka cha 1765.

Choyamba cha zonse chinali chakuti m'zonse adzafuna ulemerero wa Mulungu ndi ubwino wa anthu, zingakhale zobvuta zichuluke bwanji. Za nthawi, anatsimikiza kusataya ngakhale kamphindi, ndi kusachita kanthu kamene akadaopa kukachita likadakhala ora lache lotsiriza. Za lilime analemba zambiri: kusanenera munthu zoipa popanda chifukwa cheni cheni, kusaonjeza kanthu posimba nkhani, ndi kukhala woyanjanitsa anthu pali ponse pangatheke. Za mkwiyo, anatsimikiza kusabwezera chipongwe konse, ndi kusapsera mtima ngakhale nyama zopanda nzeru. Analemba za kudziletsa pa kudya ndi kumwa, za kuwerenga Malembo kosalekeza kufikira aone yekha kuti akukula m'chidziwitso, ndi za kusalola mtima wa kudandaula ndi atate wache kapena amache, ngakhale pa nkhope kapena pa kamvekedwe ka mau. Pomva za kugwa kwa munthu wina, anati asamnyoze, koma akumbukire zoipa za iye mwini ndi kuziulula kwa Mulungu.

Mwa zonsezo zilipo zitatu zimene tiyesa kuti ndizo mizati ya nyumba. Choyamba ndi mau amene anaika pamwamba pa pepala, asanalembe chotsimikiza chiri chonse. M'menemo anabvomera kuti sakhoza kuchita kanthu popanda thandizo la Mulungu, napempha chisomo chakuti asunge zimene alemba, malinga zigwirizana ndi chifuniro cha Mulungu, chifukwa cha Kristu. Chachiwiri ndi lamulo limene anadziikira lakuti aziwerenga zonsezo kamodzi pa sabata, ndi kudzifunsa usiku uli wonse pogona, ndiponso pa kutha kwa sabata, kwa mwezi ndi kwa chaka, kuti walephera pati, ndipo akadachita bwino koposa pati. Chachitatu ndi ichi: anadziwiratu kuti adzagwa. Chotsimikiza chache chachitatu chinena za tsiku limene adzafoka ndi kuleka kusunga zinazo, nati pakutsitsimuka adzalapa ndi kuyambanso. Pambuyo pache anaonjeza china, chakuti sadzaleka kulimbana ndi zoipa za mumtima mwache, angakhale agonje kangati.

January wa 1723

Pamodzi ndi zotsimikizazo anasunga buku lina m'mene analemba za mtima wache tsiku ndi tsiku, ndipo m'menemo tiona umo chinamyambira chaka cha 1723. Pa 2 January, chaka chisanathe masiku awiri, analemba kuti mtima wache unali wozilala. Anaona kuti angakhale atsimikize zotani ndi kupeza njira zotani, zonse nzachabe ngati Mzimu wa Mulungu sagwira nchito mwa iye. Koma sanang'ambe pepalalo. Pa 11 January anaonjeza chotsimikiza china cha kudziyesa, ndipo m'mawa mwache, Loweruka pa 12 January, anakonzanso pangano la ubatizo wache. Anadzipereka yense kwa Mulungu, nabvomera kuti nzeru zache, lilime lache, manja, mapazi, maso ndi makutu siziri zache ai, koma za Iye amene anazipatsa. Tsiku limenelo analikumbukira moyo wache wonse.

Zitapita zaka pafupifupi 20, ali mbusa wokhwima, analemba mbiri yaifupi ya moyo wache wauzimu, nayang'ana m'mbuyo ku masiku a ku New York. Anati masiku aja anafunafuna chiyero ndi khama loposa la nthawi ina iri yonse, koma anatama kwambiri mphamvu za iye mwini, ndipo ichi chinampweteka pambuyo pache. Anali asanadziwe kufoka kwache ndi kuya kwa chinyengo cha mtima wache. Motero mau aja amene mnyamata anaika pamwamba pa pepala, mkulu anawaphunzira ndi misozi. Kulemba kuti sitikhoza kanthu popanda Mulungu ndi nchito ya mphindi imodzi, koma kukhulupirira chimenecho kutenga zaka.

Mbusa wa ku Northampton

Atalalikira miyezi yowerengeka ku Bolton, ndi kuphunzitsa zaka ziwiri ku Yale, anaitanidwa ku Northampton m'dziko la Massachusetts kukathandiza agogo ache Solomon Stoddard, amene anali atakalamba. Anadzozedwa ubusa pa 15 February 1727, ndipo pa 28 July chaka chomwecho anakwatira Sarah Pierpont wa ku New Haven. Mulungu anawapatsa ana 11, amuna 3 ndi akazi 8. Stoddard atamwalira m'chaka cha 1729, mpingo wonse unatsala m'manja mwa mdzukulu wache.

Chotsimikiza cha nthawi anachisunga molimba. Hopkins, amene anakhala m'nyumba mwache, asimba kuti masiku ambiri anatha maora 13 m'chipinda chache chophunzirira. Anadya pang'ono, nasankha zakudya zosalemetsa mutu. Nyengo ya chisanu anawaza nkhuni kuti alimbitse thupi, ndipo nyengo ya dzuwa anakwera kavalo kunka kuthengo, atatenga cholembera, kuti ganizo labwino lisamtayike panjira.

M'zaka za 1734 ndi 1735 Mulungu anatsitsimutsa mudziwo, ndipo m'miyezi 6 anthu oposa 300 anaoneka kuti atembenuka mtima, m'mudzi wa mabanja ngati 200. Mbiri ya zimenezi, yolembedwa ndi Edwards, inasindikizidwa ku London m'chaka cha 1737, niwerengedwa m'maiko ambiri. Mu October 1740 mlaliki womveka George Whitefield anafika ku Northampton, ndipo polalikira iye, Edwards anakhala akulira. Pa 8 July 1741 Edwards analalikira ku Enfield za ochimwa m'manja mwa Mulungu wokwiya, ndipo kulira kwa anthu kunakula kotero kuti anawapempha atonthole kuti mau amveke. Koma pokumbukira kamsasa kache ka m'dambo, sanakhulupirire misozi yokha. M'chaka cha 1746 anatulutsa buku lochedwa Religious Affections, lolongosola zizindikiro za chisomo choona, nati chachikulu cha zonse ndicho mayendedwe a Chikristu osungidwa kufikira chimariziro.

Analembanso kabuku kodandaulira Akristu a maiko onse kuti apangane masiku opempherera kufalikira kwa Ufumu wa Kristu. Kabukuko kanafika kwa abusa a Baptist a ku England m'chaka cha 1784, nayamba iwo mapemphero a mwezi ndi mwezi. Mwa anthu omwewo munatuluka bungwe la mishoni la 1792, limene linatuma William Carey ku India. M'nyumba ya Edwards ndimonso munafera David Brainerd pa 9 October 1747, mnyamata wa zaka 29 amene analalikira kwa eni dziko a ku America. Jerusha, mwana wa Edwards, amene anamdwazika, anamtsata kumanda itapita miyezi 4, ali ndi zaka 17. Edwards anasonkhanitsa zolemba za Brainerd nazisindikiza m'chaka cha 1749, ndipo bukulo linautsa anyamata ambiri kunka ku nchito ya mishoni.

Tsiku la kuyesedwa

Kutsimikiza kusabwezera choipa nkwapafupi pamene palibe wakutichitira choipa. Kwa Edwards mayeso anafika atapita zaka 27 chilembere mau aja.

Chikondi cha mpingo pa iye chinayamba kuzilala m'chaka cha 1744. Anyamata ena a m'mudzi anapatsana buku la azamba, nayamba kunyoza nalo atsikana ndi mau onyansa. Edwards anachita bwino pofuna kuweruza mlanduwo, koma analakwa pa kachitidwe kache. Anawerenga maina pamaso pa mpingo wonse, osasiyanitsa oimbidwa mlandu ndi mboni, ndipo ena mwa iwo anali ana a mabanja akulu. Mudzi unapsa mtima. Panalinso kukangana kwa zaka zambiri za malipiro ache. Ndipo popeza anakhalitsa m'chipinda chophunzirira, osayendera nyumba za anthu ache koma ataitanidwa, ambiri anamyesa munthu wouma mtima.

Mlandu waukulu unali wa Mgonero wa Ambuye. Stoddard analola ku gome la Ambuye munthu ali yense wobatizidwa wa makhalidwe osachititsa manyazi, angakhale sanabvomere kuti wabadwanso, pakuti anayesa kuti Mgonero womwewo ukhoza kumtembenuza. Edwards anatsata mwambowo zaka ngati 20, koma pofufuza Malembo anakhulupirira kuti wofika ku gome ayenera kubvomera ndi pakamwa pache kuti wadzipereka kwa Kristu ndi mtima wonse. Anadziwa kuti kunena ichi kudzamtayitsa malo ache, pakuti dzina la Stoddard linali lolemekezeka koposa m'mudzimo. Koma ananena, nalemba buku lolongosola zifukwa zache m'chaka cha 1749, ndipo owerengeka okha a mpingo wache analiwerenga.

Pa 22 June 1750 bwalo la abusa ndi nthumwi za mipingo yoyandikana linagamula kuti achoke. Mwa amuna oposa 200 a mpingowo, 23 okha anaima naye. Anali ndi zaka 46, atatumikira pamenepo zaka 23, ali ndi ana 10 amoyo, wotsiriza wa miyezi iwiri, ndipo sanadziwe kumene adzapeza chakudya chao. David Hall, mbusa wina amene anakhala pa bwalolo, anachita umboni kuti sabata yonseyo sanaone chizindikiro cha mkwiyo pa nkhope ya Edwards, ndi kuti anaoneka monga munthu amene chimwemwe chache chiri pamalo posafika adani.

Pa 1 July analalikira ulaliki wotsazika, pa 2 Akorinto 1:14. Sanabise kuti anayesa kuti amlakwira. Anawakumbutsa kuti mbusa ndi nkhosa adzakomananso pamaso pa Woweruza, kumene zonse zidzaululidwa. Koma sanatukwane munthu, nawachenjeza za ndeu, nawapempherera kuti Mulungu awapatse mbusa wokhulupirika. Ndipo popeza mpingo sunapeze msanga mlaliki wina, anampempha iye yemweyo kuti awalalikire masabata ena, nabvomera, nakwera pa guwa lomwe anamchotsapo. Anzache ena anafuna kupatuka ndi kuyamba mpingo wachiwiri m'mudzimo kuti iye awawete, koma zimenezi sizinachitike, ndipo iye anachoka. Joseph Hawley, mbale wache wodziwa malamulo, amene anatsogolera omtsutsa, anamlembera kalata m'chaka cha 1754 mtima utamtsutsa, ndipo m'chaka cha 1760 anaulula kulakwa kwache poyera m'nyuzi ya ku Boston.

Ku Stockbridge

M'chaka cha 1751 Edwards anasamukira ku Stockbridge, kamudzi ka kumalire a dziko kumadzulo kwa Massachusetts, kukakhala mbusa wa Azungu owerengeka ndi mmishoni kwa eni dziko a mtundu wa Mahican ndi wa Mohawk. Munthu amene mabuku ache anawerengedwa ku London ndi ku Scotland tsopano analalikira mwa womasulira, ndi mau apafupi ndi mafanizo a m'Mauthenga. Banja linali m'ngongole. Ana ache akazi analuka nsalu ndi kupanga zokupizira mphepo kuti agulitse, ndipo atate wao analemba maganizo ache pa zidutswa za mapepala zotsala pa nchitoyo.

Kumenekonso anapeza nkhondo. Azungu ena amphamvu a m'mudzimo, ena a iwo abale ache, anafuna kugwira ndalama zotumizidwa kudzathandiza sukulu ya ana a eni dziko, ndi kudzipindulira nazo. Edwards analemba makalata ambiri kwa akulu a ku Boston ndi a ku London kuwanenera eni dzikowo, nalimbika kufikira anapambana. Pamene nkhondo ya Angerezi ndi Afalansa inabuka m'chaka cha 1754, asilikali anadzaza nyumba yache, koma iye sanathawe. M'zaka zomwezo analemba mabuku ache akuya koposa, monga la ufulu wa chifuniro cha munthu, lotuluka m'chaka cha 1754, ndi la uchimo wobadwa nao, lotuluka m'chaka cha 1758. Chimodzi cha zotsimikiza zache chinali chakuti atapyola m'masautso azidzifunsa ubwino umene wapindula nao. Zaka za ku Stockbridge ndizo yankho lache.

Chimene sanachione

Tsono tiyenera kunena chinthu chowawa, pakuti mbiri yobisa chilema ikhala bodza. Jonathan Edwards anali ndi akapolo. M'mwezi wa June 1731 anapita ku Newport, ku Rhode Island, nagula mtsikana wa ku Africa wa zaka ngati 14, dzina lache Venus, ndi mapaundi 80. Anakhala ndi akapolo enanso moyo wache wonse, ndipo atafa, powerenga chuma chache, analembamo mnyamata wochedwa Titus, mtengo wache mapaundi 30. M'chaka cha 1741 analemba mau oteteza mbusa mnzache amene anatsutsidwa chifukwa cha kusunga akapolo. Zoona, m'mau omwewo anatsutsa malonda olanda anthu aufulu ku Africa, ndipo analandira anthu akuda ku ubatizo ndi ku gome la Ambuye. Koma anthu a m'nyumba mwache sanawamasule.

Ife amene makolo athu anadziwa goli la ukapolo sitikhoza kupitirira pamenepa mopepuka. Munthu uyu anadziyesa usiku ndi usiku, nadzitsutsa pa mau amodzi olankhulidwa mwaukali ndi pa chakudya chopyola muyeso, natsimikiza kusapsera mtima ngakhale kavalo. Koma mwa zotsimikiza 70 panalibe chimodzi chomfunsa za mwana wa eni wache wogulidwa ndi ndalama. Tchimolo linali la dziko lonse, abusa anzache ambiri anachita chomwecho, ndipo chimene achita anthu onse sichilasa chikumbu mtima. Amene anachiona anali a mbadwo wotsatira. Samuel Hopkins analemba zotsutsa ukapolo m'chaka cha 1776, ndipo mwana wa Edwards, Jonathan wamng'ono, analalikira poyera motsutsa ukapolo ndi malonda ache m'chaka cha 1791. Anatenga chiphunzitso cha mphunzitsi wao cha kukonda anthu onse, nachifikitsa pamene iye sanafike. Pamenepa tiphunzira kuti munthu alemba zotsimikiza pa zoipa zokha zimene aziona, ndipo zoipa zazikulu zikhoza kukhala pakhomo pache zosalembedwa.

Imfa yache

Mu September 1757 anamwalira mkamwini wache Aaron Burr, mkulu wa sukulu yaikulu ya New Jersey ku Princeton, ndipo akulu a sukuluyo anasankha Edwards alowe m'malo mwache. Iye sanafune, nawalembera za kufoka kwa thupi lache ndi za mabuku amene anafuna kutsiriza. Anapereka nkhaniyo kwa abusa anzache kuti aweruze, ndipo pa 4 January 1758 iwo anati ayenera kupita. Pakumva ichi anagwetsa misozi pamaso pao, chinthu chimene sanazolowere kuchita, koma anamvera. Anadzipereka mu January wa 1723, ndipo mu January wa 1758 Mwini wache anaitanitsa choperekacho.

Analowa nchito pa 16 February. Masiku amenewo kunali nthomba m'dzikomo, ndipo Edwards, wokonda nzeru za mankhwala, analola kutemeredwa. Katemera wa masiku aja anali wa mafinya a nthomba yeni yeni, pakuti njira yosaopsa ya Edward Jenner inadza m'chaka cha 1796. Matuza anamtuluka m'kamwa ndi pakhosi, nalephera kumeza. Podziwa kuti alinkufa, anaitana mwana wache Lucy, namtuma mau a chikondi kwa mkazi wache amene anali akali ku Stockbridge, nalangiza ana ache afune Atate amene sadzawasiya konse. Anapempha kuti maliro ache akhale osaononga ndalama, ndi kuti zotsalazo apatse aumphawi. Amene anaima pa mphasa yache, poyesa kuti sakumvanso, anayamba kudandaula za tsogolo la sukulu, ndipo iye anatsegula pakamwa kotsiriza kuwalimbitsa kuti akhulupirire Mulungu ndi kusaopa. Anamwalira pa 22 March 1758, ali ndi zaka 54. Mkazi wache anamtsata mu October chaka chomwecho.

Kwa ife a chaka chino

Tsono, abale, titengepo chiani? Tisaleke kutsimikiza mtima chifukwa zotsimikiza za chaka chatha zinafota. Munthu wosalinga kanthu ali ngati mlimi wolowa m'munda wosadziwa mbeu imene adzabzala. Koma tisayese kufikira 70. Zitatu kapena zinai zikwanira, zikhale zoloza pa chilonda cheni cheni: lilime, mkwiyo, mowa, ngongole, ulesi wa kupemphera. Wodziwa kulemba azilembe pa pepala ndi kuliika m'Buku Lopatulika lache. Wosadziwa azinene kwa Mulungu pamaso pa mkazi wache kapena mwamuna wache.

Pamwamba pa zonse pakhale pemphero lopempha chisomo, ndipo pempherolo libwerezedwe nthawi zonse pamene tiwerenga zinazo. Tisankhe tsiku limodzi pa sabata la kuziwerenga, monga Loweruka madzulo pokonzekera tsiku la Ambuye, pakuti munda wopalira kamodzi pa chaka udyedwa ndi udzu. Tipanganiretu ndi mtima wathu chimene tidzachita tikagwa, kuti tsiku la kugwa lisakhale tsiku la kuleka. Edwards anazilala pa 2 January, nadziperekanso pa 12 January.

Ndipo popeza diso la munthu siliona msana wache, tipite kwa mkulu wa mpingo kapena kwa mbale wokhulupirika, timfunse chimene aona mwa ife chimene ife sitichiona. Tifunsenso za iwo amene ali pansi pa dzanja lathu: wanchito amene sitinamlipire, mwana wamasiye amene timlera mosiyana ndi ana athu, mkazi wamasiye amene abale analanda katundu wache ife tiri chete. Zimene mudzi wonse uziyesa zachizolowezi ndizo tiyenera kuziunika koposa ndi Mau a Mulungu.

Sitidziwa tsiku limene zotsimikiza zathu zidzayesedwa, kapena mwezi uno, kapena zitapita zaka 27. Iye amene anasunga mtumiki wache pa bwalo la ku Northampton ndi pa mphasa ya ku Princeton ali yemweyo lero. Atipatse ife tonse chisomo cha kuyamba chaka chino ndi Iye, ndi kuukanso nthawi zonse pamene tagwa.